Kusonkhanitsa ma element oyandikana mu XSLT

Moni nonse. XSLT ndi chilankhulo chosinthira mafayilo a XML kuti akhale m'maonekedwe ena. Tiyerekeze kuti tili ndi fayilo ya XML yokhala ndi ma element, kutanthauza zigawo zake zokhala ndi mayina. Pali p (ndime), kenako ma item atatu otsatizana, p wina, ndiye ma item awiri. Onsewa kholo lawo ndi limodzi. Tikufuna atatuwo alowe mu ul (element ya mndandanda) yawo, awiriwo mu ul ina.

Mukangolemba select="item", mutenga onse asanu n'kuwaunjika pamodzi, malire amene p uja anaika n'kusowa.

Mu XSLT 1.0, ya 1999, mulibe lamulo logawa magulu, ndiye ntchito yonse ndi yathu. Timayamba tapeza item woyambitsa gulu, amene kumbuyo kwake sanagundane ndi mnzake:

item[not(preceding-sibling::*[1][self::item])]

Pamenepo timatsegula ul, template (kagawo ka malangizo a XSLT) n'kumadziitana yokha pa wotsatira mpaka itakumana ndi china chimene si item.

Tsono apa tidekhe, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa. Yang'anitsitsani mizere iwiriyi:

following-sibling::item[1]
following-sibling::*[1][self::item]

Woyambawo ukuti: ndipezere item wotsatira, kaya ali kutali bwanji. Umadumpha p uja n'kukatola item wa gulu lina. Magulu awiri asanduka limodzi, ndipo kompyuta ili phee, siikuchenjezani chilichonse. Wachiwiriwo ukuti: tenga amene wagundana nane kaye, kenako uone ngati ndi item. Ngati si item, gulu lathera pomwepo. Wofunika ndi umenewu.

XSLT 2.0 itabwera mu 2007, thukuta lonseli linachepa. Timalemba xsl:for-each-group, n'kuikamo select="*" ndi group-adjacent="boolean(self::item)". Element iliyonse imapeza true kapena false, ndipo zoyandikana zokhala ndi yankho lofanana zimakhala gulu limodzi. Ngati current-grouping-key() yapereka true, kulungani current-group() mu ul. Ngati ndi false, koperani mmene zilili. Mukafuna kulumikiza mawu awo okha kukhala mzere umodzi, string-join(current-group(), ' ') ikwanira.

Kanthu kena kosaoneka: mukasintha "*" n'kuika node(), mipata yopanda kanthu ya pakati pa ma item imawerengedwanso, ndipo gulu lanu liduka zidutswazidutswa. Ikani xsl:strip-space pamwamba.

Ine ndikanasankha njira ya for-each-group nthawi zonse, koma musanailembe funsani kaye kuti stylesheet yanu, fayilo ya XSLT imene mwalemba, ikayendera pulogalamu iti. Pulogalamu ya Saxon imaimva bwinobwino. Koma pulogalamu ya xsltproc ndi ma browser anaima pa 1.0, ndiye kumeneko for-each-group siigwira, mubwerera ku template yodziitana ija.