Kujambula masamba a buku ndi foni popanda kunyezimira

Moni nonse amene mukumvetsera. Lero tikambirane za vuto limene limasowetsa mtendere aliyense wojambula mabuku kunyumba kuti awasunge mu foni kapena mu kompyuta. Mwajambula tsamba, mukaliyang'ana pa sikirini mukupeza pakati pali chigamba choyera mbuu, zilembo zafufutika, mizere itatu yonse sikuwerengeka. Ena amati foni ndiyo yachabechabe, ena amathamangira kuwonjezera magetsi. Koma nthawi zambiri kamera ilibe mlandu. Cholakwika ndi malo amene nyale yanu yakhala.

Mvetsetsani kaye mmene kuwala kumayendera, chifukwa mukamvetsa ichi zina zonse mudzazipeza nokha. Mukaponya mpira pansi molunjika, umanjanja n'kubwerera m'manja mwanu. Mukauponya mopendekera, umanjanja n'kuthawira mbali inayo. Kuwala kukagunda pepala losalala kumachitanso chimodzimodzi, mmene kwapendekera pofika ndi mmenenso kumapendekera pochoka. Ndiye ngati kamera ili pamwamba penipeni pa buku, nyale nayo ili pamwamba pomwepo, kuwala kumatsika n'kubwerera m'diso la kamera. Chigamba choyera chija ndi chithunzi cha babu lanu lomwe.

Chifukwa chake chinthu choyamba, zimitsani fulashi. Fulashi ya foni imakhala pafupi kwambiri ndi diso la kamera, palibe mmene ingawalire osabwerera. Zimitsaninso babu lakudenga. Limeneli anthu amaliiwala, chonsecho ndi limene limaponya chithunzithunzi cha foni ndi mutu wanu pa tsamba.

Tsopano tengani nyale ziwiri zapatebulo, zokhala ndi mababu ofanana. Ina ikhale mbali iyi ya buku, ina mbali inayo, zonse zikuwala mopendekera pa madigiri 45. Musavutike n'kuyeza madigiri. Ngati babu lakwera masentimita 60 kuchokera pa tebulo, likhalenso masentimita 60 kuchokera pakati pa tsamba. Basi, ndi 45 ameneyo. Pepala likakhala lonyezimira kwambiri, ngati la magazini kapena mabuku a zithunzi, tsitsani nyalezo pang'ono, zifike cha m'ma 30. Koma musazitsitse mpaka kugona pa tebulo, chifukwa zikatero khwinya lililonse la pepala limatulukira ndi chithunzithunzi chake.

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa njira iyi ndimaikonda kwambiri ndipo simuwononga nayo kanthu. Pezani kagalasi kakang'ono kodziyang'anira nkhope. Foni yanu ikhale itamangidwa kale pamalo pake, kaya pa choimikira kaya pa thabwa lotulukira m'mphepete mwa shelefu. Gonekani kagalasiko pakati pa tsamba, yang'anani pa sikirini. Mukaona diso la kamera likudziyang'ana lokha pakati penipeni pa chithunzi, dziwani kuti foni yalunjika bwino, tsamba silituluka lopotoka. Kenako yendetsani kagalasiko pang'onopang'ono, kumka nako kukona yakumtunda, kukona yakumunsi, m'mphepete monse, maso anu ali pa sikirini. Paliponse pamene babu laonekera m'kagalasimo, pamenepo ndi pamene padzanyezimire. Kankhirani nyaleyo kunja, yesaninso, mpaka kagalasi kazungulire tsamba lonse osaonetsa babu. Muonanso zina zimene simumaziganizira, zenera losatseka, khoma loyera, malaya anu oyera. Chilichonse chowala chimene chaoneka m'menemo, pepala lonyezimira lidzachionetsanso, kungoti mwachimbuuzi.

Ngati mwakankha nyale koma babu likuonekerabe m'makona, kwezani foni. Kamera ya foni imaona motambalala, ndiye ikakhala pafupi ndi tsamba imayang'ana m'mphepete mopendekera n'kukumana ndi kuwala kobwerera kuja. Foni yokhala ndi diso lachiwiri la 2x, lokulitsa chithunzi kawiri, ndi yabwino pa ntchito iyi, muikweze m'mwamba n'kugwiritsa ntchito disolo. Kukokera chithunzi ndi zala pa foni ya diso limodzi kumangochepetsa kuoneka bwino kwa zilembo.

Tsopano buku si pepala logona fulati. Mukalitsegula, tsamba limakwera ngati kamtunda kenako n'kutsetserekera pakati, pamene masamba anasokedwa. Potsetserekapo ndi pamene pamavuta, chifukwa pepala lapindika ndipo penapake pa kupindikako padzapezeka malo olozetsa kuwala m'kamera. Mumaona mzere woyera wautali kutsika motsatira msana wa buku, pambali pake pali mdima. Njira yake ndi iyi, tembenuzani buku kuti msana wake uloze kumene kuli nyale. Nyale imodzi iwalire kuchokera kumutu kwa tsamba, inayo kuchokera kumunsi. Kuwala kukamayenda motsatira msana kumalowa m'chigwa chija n'kuchotsa mdima, ndipo kobwerera kumathawira kutsogolo osati m'mwamba. Mbali yopyapyala ya buku muiikire kabuku kena pansi kuti masamba awiriwo alingane. Buku lakale kapena lolimba msana musalikakamize kuti ligone, mudzalithyola. Litseguleni theka, chikuto chimodzi chitsamire pa chinthu, muzijambula tsamba limodzi limodzi.

Kuti mudziwe ngati nyale ziwirizo zikuwala mofanana, imikani pensulo pakati pa tsamba. Muona zithunzithunzi ziwiri. Zikafanana kutalika ndi kuda kwake, zili bwino. China chikada kwambiri, nyale imene ikuchiponya yayandikira, ibwezeni m'mbuyo. Ndipo nyale zikhale patali ndithu, chifukwa kuwala kumachepa msanga, mukawirikiza mtunda kawiri kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Nyale yoyandikira imawalitsa m'mphepete mwa tsamba n'kusiya pakati pali mdima.

Babu likakhala lakuthwa, mutha kupachika nsalu yoyera yopyapyala kapena pepala loyera kutsogolo kwake kuti kuwala kufewe. Kumbukirani kuti nsaluyo tsopano ndiyo yasanduka nyale yaikulu, ndiye bwererani ku kagalasi kaja muone ngati sikuonekera. Isakhudze babu. Mababu a LED ndiwo oyenera, satentha ngati akale aja, ndipo kutentha sikugwirizana ndi pepala lakale.

Za mtundu wa kuwala sinditaya nthawi. Pa paketi ya babu pamalembedwa nambala yotsatana ndi K. La 2700K ndi lachikasu, la 5000K mpaka 6500K ndi loyera ngati masana. Sankhani loyera, onse awiri nambala imodzi. Ngati mabuku anu ali ndi zithunzi zamitundu, funani lolembedwa CRI 90 kapena kuposa, nambala yosonyeza mmene babu limaonetsera mitundu molondola. Chachikulu musasakanize. Kuwala kwa zenera mbali ina, babu lachikasu mbali ina, tsamba lituluka theka labuluu theka lachikasu, ndipo kukonza zimenezo pambuyo pake ndi chintchito.

Wopanda nyale asataye mtima, zenera limagwira ntchito. Sankhani limene dzuwa silikulowa mwachindunji, tsiku lamitambo ndiye labwino zedi. Tebulo likhale pambali pa zenera, mbali inayo imikani katoni yoyera kuti ibweze kuwala. Kungoti dzuwa limayenda, ndiye masamba a m'mawa sadzafanana ndi a madzulo. Buku lalikulu ndi bwino kulijambula ndi nyale, makatani atatsekedwa.

Mwina mwaonapo mizere yakuda yopingasa pa chithunzi, ngati ikuyenda. Ameneyo ndi babu. Magetsi a m'nyumba amasinthasintha ka 50 pa sekondi, m'maiko ena ka 60, ndipo ma LED ena amaphethira motsatira, maso athu saona koma kamera imaona. Ngati kamera yanu ili ndi gawo lolembedwa Pro, ikani shutter, nthawi imene kamera imalowetsa kuwala, pa 1/50 ya sekondi kumene magetsi ndi a 50, kapena 1/60 kumene ndi a 60, ISO, nambala ya mmene kamera imakuzira kuwala, ikhale yotsika, cha pa 100. Zikakanika, sinthani babu.

Ena mumagwiritsa ntchito galasi popanikiza tsamba kuti ligone. Zimathandiza, koma galasi limaonetsa chilichonse chili pamwamba pake, foni, manja, denga. Tengani katoni yakuda, boolani kabowo kolingana ndi diso la kamera, foni ibisale kuseri kwake. Inunso valani zakuda. Pukutani galasilo kawirikawiri, zala zimasiya mafuta. Diso la kamera nalonso lipukuteni musanayambe, chimbuuzi china chimachokera pamenepo. Amene mungakwanitse, pali kagalasi kotchedwa polarizer komangirira pa kamera, mumakazungulitsa mpaka kunyezimira kuchepe, koma konzani kaye nyale, kameneka kabwere pomaliza.

Pepala likakhala lopyapyala, zilembo za kuseri zimaonekera. Lowetsani pepala lakuda kuseri kwa tsamba limene mukujambulalo, muona zazimiririka. Loyera silithandiza, limangozionetsa kwambiri.

Musanayambe kutembenuza masamba, dinani pa sikirini pamene pali zilembo, gwiritsitsani chala mpaka kamera itseke pamenepo. Pa iPhone pamatuluka mawu akuti AE/AF Lock, mafoni ambiri a Android amaonetsa kaloko. Kamera ikaona pepala loyera imakonda kulidetsa, ndiye kwezani kuwala pang'ono, koma osafika poti zilembo zing'onozing'ono ziyambe kutha. Musakhudze foni pojambula, gwiritsani ntchito taimala ya masekondi awiri kapena atatu, apo ayi batani la voliyumu la pa mahedifoni.

Tsamba lidzaze chithunzi chonse. Kuti pulogalamu yozindikira zilembo, ija amati OCR, iwerenge bwino, pamafunika pafupifupi 300 dpi, kutanthauza madontho 300 a chithunzi pa inchi iliyonse. Pa tsamba la A4 amenewo ndi madontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, ndipo kamera ya 12 megapixel, yojambula madontho 12 miliyoni, imakwanitsa ngati mukujambula tsamba limodzi. Mukaphatikiza awiri pa chithunzi chimodzi, lililonse limalandira theka.

Jambulani kaye masamba atatu oyesera, lina koyambirira kwa buku, lina pakati, lina kumapeto, chifukwa kupindika kwa pepala kumasintha pamene mukupita. Akulitseni pa sikirini, muyang'ane makona onse anayi ndi mzere woyandikana ndi msana. Zikakhala bwino, matani katepi pa tebulo pamene pakhala buku ndi pamene paima nyale iliyonse, kuti mawa mukadzapitiriza musadzayambirenso kuyeza.