Amai, za chakudya cha mdzukulu wanu

Amai, mwachoma bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene, kuno ku Leeds kwada kale ndipo kukuzizira koopsa, koma ndati ndisagone ndisanayankhe uthenga wanu uja.

Mwafunsa kuti poti mdzukulu wanu sadya chilichonse chochokera ku nyama, kodi pokonzekera kubwera kwathu mungamugulire zinthu ku Shoprite komwe amagulitsanso nyama ndi masoseji? Gulani Amai, mtima m'malo. Ndamufunsa mwini wake dzulo tikudya.

Nkhani imeneyi ngakhale kuno eni ake, aja amati ma vegan, amakangana nayo. Ena mwa anzake salola n'komwe. Amati ukagula kwa kampani yomwe imaphanso nyama, ndalama yako yalowa m'thumba lomwelo, ndiye wathandiza kugula ng'ombe ina. Mfundo yawo ndimaimva. Mkaka wa soya umene iye amamwa, wa Alpro, mwini wake ndi Danone, yomwe imapanga yogati wa mkaka wa ng'ombe. Koma iye amati wamalonda amaonjezera katundu amene akuyenda. Kuno sitolo za Greggs zinayamba kugulitsa soseji yopanda nyama mu 2019, anthu anaigula kwambiri, lero aliyense amaipeza pafupi, ngakhale amene sankaganizako. Ine ndili kumbali yake. Ngakhale bungwe lawo, Vegan Society, lomwe linayamba mu 1944, limati munthu apewe mmene angathere. Nanga mayi amene mumagulako chibwabwa ku Kapata uja, kunyumba kwake saweta nkhuku? Tikati tizifufuza thumba la aliyense, mwanayo agona ndi njala.

Ndiye musayang'ane wogulitsa, yang'anani zimene zili m'paketimo. Achimwene akuwerengereni kumbuyo kwake. Akaona mawu oti milk, egg kapena whey, chisiyeni. Majarini ena amakhala ndi mkaka, masikono ambiri muli mazira. Chiponde cha It's Wild, cha kampani ya COMACO konko ku Chipata, chimenecho gulani, ndi mpunga wa ku Chama womwe. Uchi wawo okha ayi, chifukwa uchi sadya, amati ndi chakudya cha njuchi. Mwaona, kampani imodzimodzi, china atenga china asiya.

Kumene ndikuopa ine ndi kukhitchini. Ndikudziwa dzanja lanu Amai, mumakonda kuponyamo tikapenta tiwiri m'ndiwo zamasamba kuti zinunkhire. Mumphika wake musatero, ndiponso chipande chimene mwatakasira nkhuku chisalowemo. Timakyubu tokometsera tija tambiri ndi ta nyama. Mukamuphikira chibwabwa chotendera, kalembula, bondwe, kayera, delele, bowa wa mvula yoyamba, ndi masoya pisi okazinga m'saladi, mwana ameneyo adzanyambita zala. Mfutso uja anaulawa ali wamng'ono mpaka lero amaukamba.

Nkhuku mwasungira alendo ija iphedwe ndithu, ine ndi atate ake tidzadya. Koma mukamupatsa chiwalo iye n'kukana, chonde musamve ngati wakunyozani. Zimenezi zamudetsa nkhawa sabata yonse, akuopa kukhumudwitsa ambuye ake. Muwauziretu ndi azakhali, asadzamukakamize pamaso pa anthu.

Ndalama yogulira zinthuzi nditumiza Lachisanu pa foni ya achimwene. Nsinjiro yokha musinje nokha, ya m'sitolo safuna. Gonani bwino Amai, mupereke moni kwa onse.