Kope limodzi, pachikuto pali nsomba

Takulandiraninso abale anga, kaya mukumvera muli m'minibasi ya ku Ndirande, kaya muli pa shifiti ya usiku kuno ku America ngati ine. Lero nkhani ndi ya sukulu ya mwana wanga wamkazi, wa giredi 3, kuno ku Hartford, Connecticut.

Sukulu yakeyi ndi ija amati magnet. Ndi yaboma, yaulere, koma malo amachita kupangira mayere. Sukuluzi zinachuluka kuno chifukwa cha mlandu wa Sheff v. O'Neill. Mu 1989 makolo anasumira boma kuti ana a mumzinda akuda ndi a Chilatino (a m'mabanja ochokera ku Latin America) akuphunzira paokha, ndipo mu 1996 khoti lalikulu la Connecticut linagamula mowakomera. Ndiye sukulu iliyonse ili ndi mutu wake wokopera ana ochokera m'matauni ozungulira. Yathu ndi ya zachilengedwe.

Sabata yoyamba ndinatsegula chikwama chake. Kope la Masamu mulibe, la Chingerezi mulibe. Muli chikope chimodzi basi, pachikuto wajambulapo nsomba. Mtima unandiwawa. Ife tinakula ndi chitsulo chopachikidwa pamtengo wa mango: chikalira, tseka Masamu, tsegula Chichewa.

Ndinakafunsa ndithu: "Aphunzitsi, mwanayu akuphunzira kapena akungosewera?" Iwo anangomwetulira n'kundivundukulira kopelo. Teremu yonse inali ya mtsinje wa Connecticut. Muli nsomba yotchedwa shad, imene imachoka kunyanja yamchere kukwera mtsinje kukaikira mazira kuzizira kukatha, ngati momwe mpasa wathu amakwerera mtsinje wa Bua. Ana anayeza kutentha kwa madzi ndi kujambula graph, Masamu amenewo. Analemba nkhani ya ulendo wa nsombayo, Chingerezi chimenecho. Anaphunziranso kuti dzina loti Connecticut linachokera m'chiyankhulo cha eni nthaka akale, ndipo limanena za mtsinje wautali.

Kumvetsa zinthu amamvetsa, sindikana. Koma mukamufunsa 7 kuchulukitsa ndi 8, amayamba kuwerenga zala. Apo pokha sindigonja. Loweruka ndikaweruka, maso ali tulo, timaimba matebulo kukhitchini mmene tinkaimbira ife mu Sitandade 4.

Dzulo anaimbira agogo ake pa WhatsApp kufunsa kuti mpasa amaikira mazira angati. Agogo anaseka mpaka kutsokomola: "Iwe mdzukulu wanga, ine ndimangodziwa kumuotcha. Ubwere udzawerenge wekha."