Chimtengo chija amamenya m'mafilimu a kung fu, ntchito yake ndi chani?

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Amene tinakulira m'ma video show muja tikuonera mafilimu a Atchaina chinthu ichi tinachionapo ndithu, munthu waima kutsogolo kwa chimtengo chokhala ndi mikono akuchimenya pha pha pha osapuma. Ine kale ndinkangoti aaa uku nkulimbitsa mafupa basi, akufuna mikono ikhale ngati chitsulo. Koma ayi, nkhani yake ili pena.

M'chiyankhulo cha Cantonese chakummwera kwa China amachitcha muk yan jong, kutanthauza mzati wa munthu wamtengo, ndipo amene anatchuka nacho kwambiri ndi a Wing Chun, kung fu yakummwera kwa China. A Choy Li Fut nawo ali ndi zawo zopangidwa mosiyanako.

(Chithunzi cha chidolecho pafupi)

Tachiyang'anitsitsani. Thunthu, mikono iwiri cha pachifuwa, umodzi cha pamimba, kenako mwendo umodzi wopindika pabondo. Mikonoyo sanaikhome ndi misomali ayi, kalipentala amaboola thunthulo nkuilowetsa m'mabowo, ndipo amasiya dala kampata kuti izigwedera pang'ono. Kulira kuja kwa kho kho kumachokera pamenepo.

Kale chidolechi ankachikwirira pansi ngati mzati wanyumba. Ndiye Ip Man, mphunzitsi wotchuka wa Wing Chun, atachoka kwawo mumzinda wa Foshan ku China mu 1949 nkukakhazikika ku Hong Kong, anapeza anthu akukhala m'mafulati osanjikizana, tsono mundiuze inuyo, dzenje mungakumbe pati m'chipinda cham'mwamba, apansi akusiyani? Mpamene kunabwera nzeru yochipachika pa matabwa awiri opingasa ogwirira kukhoma. Ndipo zinakhala bwino kuposa kale chifukwa ukakankha matabwa aja amapindika pang'ono nkubwerera, ndiye umamva ngati ukukankhana ndi munthu wamoyo.

Tsopano apa ndipomwe pali nkhani. Chidolechi sichisuntha eti, ndiye wosuntha ndi iweyo. A Wing Chun amakamba kwambiri za mzere wapakati, uja wochoka pamphuno kutsika pachifuwa mpaka kumusi, amati teteza wako, funa wamnzako. Ukangoima njo kutsogolo nkuyamba kulimbana ndi mkono wamtengo mphamvu kwa mphamvu, wopambana ndi mtengo, iwe utupa basi. Chofunika nkupatukira kumbali, phazi lizungulire mwendo uja, chiuno chitembenuke, dzanja lako likhudze mkono wachidole koma mphamvu yonse ilunjike pathunthu. Mwachitsanzo bong sau, uja umakweza chigongono mkono nkukhala ngati phiko la nkhuku, ukamupanga uli patali umapezeka ukuwerama kuti ufikire, ukayandikira kwambiri mkono umakupindikira pachifuwa, ndiye chidolecho chimakuuza chokha pamene walakwitsa osayankhula kanthu. Ine ndimachiona ngati rula kapena levulo ya m'misiri, choyezera.

Ndondomeko yake kwa ophunzira a Ip Man ili ndi mayendedwe 116, ena amawerenga 108. Ndipo nthawi zambiri suyambira pamenepo ayi, umadutsa kaye ndondomeko za manjamanja zopanda chidole zotchedwa Siu Nim Tau ndi Chum Kiu, masukulu ena mpaka Biu Jee, kenako mtengo.

Chinthu chimodzi ndinene mosabisa, mtengo subwezera. Sukunamiza ndi dzanja lamanzere nkukumenya ndi lamanja, sutopa, suthawa. Munthu atha kuoneka katswiri pachidole koma kukumana ndi mnzake woponya zibakera zenizeni zonse nkubalalika, nchifukwa chake amachitanso chi sau, kugundanitsa mikono awiriawiri kuti uzimva komwe mnzako akulowera.

(Kanema wakale wakuda ndi koyera)

Uyu ndi Ip Man yemweyo, mphunzitsi wa Bruce Lee, anamujambula mu 1972 atatsala pang'ono kumwalira, anamwalira pa 2 Disembala ali ndi zaka 79. Taonani m'mene waondera mkuluyu, khansa yapakhosi itamugwira kale. Sakuchimenya mwaukali ayi. Musayang'ane manja, yang'anani mapazi, ndibwezanso pang'onopang'ono muone m'mene akuuzungulira mwendo uja.