Kompyuta ya pakhoma: bokosi la magetsi satsegula

Zikomo amfumu, zikomo makolo, ndi inu achinyamata mwadzaza kumbuyoko. Sindichedwa, dzuwa ndaliona.

Nonse mwamva za mwana wathu uja wa pamsika, woika nyimbo m'mafoni. Dzina sinditchula, amayi ake tili nawo pompano. Sabata yathayi anagwidwa nyesi m'kashopu kake, zala ziwiri zinapsa, koma tithokoze Mulungu ali moyo. Ena mwayamba kunong'ona kuti pali dzanja la munthu. Ayi, abale anga. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo ndinapita kukaona ndi maso angawa.

Mwanayu anaona pa YouTube anthu atachotsa kompyuta m'bokosi lake n'kuyala zipangizo zonse pathabwa, kenako kukoloweka pakhoma ngati chithunzi. N'zotheka ndithu, ndipo zimakongola. Zimapitanso mphepo bwino m'nyengo yotentha ngati ino ya Okotobala. Luso ali nalo mwana ameneyu, ine ndinasirira mmene anayalira mawaya. Cholakwa chinali chimodzi: anamasula chivindikiro cha power supply, kabokosi kachitsulo kolowera chingwe cha magetsi kaja, akuti fani yake izioneka ikuzungulira. Anyamata inu, kabokosi kameneko satsegula. Mwamva? Satsegula.

Magetsi a m'nyumba zathu muno ndi ma volt 230. Ntchito ya kabokosi kaja ndi kuwatsitsa kufika pa 12, pa 5 ndi pa 3.3, ndipo amenewo ndi omwe amapita ku motherboard, chipangizo chachikulu chija cholumikiza zipangizo zonse, ku fani ndi ku hard disk yosungira mafayilo. Otsitsidwawo sangakupheni. Chilombo chili m'kabokosimo, n'chifukwa chake opanga anachitsekera ndi chitsulo.

(Bambo wina afunsa: Nanga tikazula chingwe ku soketi, si basi?)

Achimwene mwafunsa bwino, ndipo apa ndi pamene mwana wathu anapusitsikira. Iye anali atazimitsa, chingwe atazula. M'kati muja muli tizinthu tooneka ngati timigolo, timatchedwa ma capacitor. Ntchito yake ndi kusunga magetsi, ndipo kakakulu kamasunga opitirira ma volt 300. Mukatseka mpope, kodi madzi a mu ndowa amatha? Satha. Ndi chimodzimodzi. Nthawi zina amatsika msanga, nthawi zina amachedwa, ndipo ndi diso simungadziwe. Iye anapisamo dzanja kuti achotse nalimata amene anafera m'menemo, dzanja lili ndi thukuta, ali wosavala nsapato pa simenti. Ndiye achimwene, kuzula chingwe n'kofunika nthawi zonse musanagwire chilichonse, koma sikukupatsani chilolezo chotsegula kabokosi kaja. Kakafa, gulani kena. Ine amene ndakhala pa ntchitoyi zaka zambiri ndimakapatsa ulemu.

Nkhani ya nalimatayi tisaidumphe. Bokosi la kompyuta lija si lokongoletsa chabe. Limatchinga fumbi, mphemvu, nyerere ndi zala za ana. Mukalichotsa, ntchito yonseyo yagwera inu. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zimathamangira pamene pali kuwala, ndipo inu mwaikapo timagetsi tamitundumitundu usiku wonse. Denga lathu la malata, msomali umodzi ukadontha pamwamba pa thabwa, motherboard yapita. Ndinaonapo kwina mayi atayanika kansalu konyowa pa chipangizo chotere poyesa ndi chokolowekera zovala. Sindiwadzudzula, palibe anawauza. Ndiye mukapanga, auzeni a m'nyumba, ndipo kwezani pamene mwana woima pampando sangafike.

Ndikudzudzuleniko pang'ono inu a m'mashopu. Pulagi yathu ili ndi mano atatu. Dzino lalitali la pamwamba lija ndi la earth, ndilo limathawitsira magetsi pansi china chikalakwika, m'malo moti adutse m'thupi mwanu. Koma ndikazungulira pamsikapa ndimapeza mawaya awiri osenda atalowetsedwa mu soketi n'kutsinira ndi kamtengo ka machesi. Fuse ikapsa mumakulungapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Ana anga, pulagi ndi yotchipa kuposa ulendo wa kuchipatala. Siyani zimenezo lero lomwe.

Ndaona ena ayamba kusuzumira kunja, ndithamange. Pezani thabwa la plywood lochindikala, louma, lopanda chiswe. Yalani zipangizo zonse pansi kaye, lembani ndi pensulo pobowola. Motherboard yaikulu ya mtundu wotchedwa ATX ndi masentimita 30.5 kwa 24.4, ndipo isagone pathabwa mwachindunji: ikhale pa timiyendo take tija, ma standoff, tozulidwa m'bokosi lakale, kuti kunsi kuzipita mphepo. Screw yotsala isagwere kuseri kwake. Musanagwire RAM, yosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikuchita, kapena processor, ubongo wa kompyuta, khudzani chitsulo kaye kuti magetsi a m'thupi lanu asaziwononge, ndipo gwirani m'mphepete. Power supply ikani mmunsi chifukwa ndi yolemera, mangani zolimba, fani yake isayang'ane kuthabwa, chivindikiro chili pomwepo, chosatsegula. Hard disk imazungulira m'kati maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndiye isalendewere pa waya. SSD, inzake ya hard disk yosungiranso mafayilo, ilibe chozungulira, imapirira. Chingwe cha mapini 24 ndi china cha processor, zochokera ku power supply, zilowe mu motherboard mpaka zimveke kuti tha. Batani loyatsira tengani la m'bokosi lakale, osamayatsa ndi screwdriver tsiku ndi tsiku. Yesani zonse zili patebulo, zikayaka ndiye mukweze.

Pobowola khoma pewani mzere wa pamwamba ndi pansi pa soketi, m'menemo ndi modutsa mawaya. Khoma la zidina silisunga katundu wolemera, funani la njerwa zowotcha. Ikani surge protector, chotetezera zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo kukayamba ziphaliwali zulani chingwe. Kutsogolo tchingani ndi pulasitiki yoonekera kapena sefa, mbali musiye mipata ya mphepo.

Amene mwakoloweka kale zanu, musayatse madzulo ano. Loweruka m'mawa ndidzayenda shopu ndi shopu kuziona, sindidzalipiritsa. Amfumu, ndabweza mawu kwa inu.