Chimene akatswiri a zanyengo angaphunzitse mlangizi wa gulu

[Kamera ili pagombe la Senga Bay]

Muli bwanji nonse amene mukutionera? Lero tiyambira pa nyengo, koma kumene tikulowera ndi ku magulu a uphungu.

Mu 1961, Edward Lorenz, katswiri wa zanyengo wa ku yunivesite ya MIT, ku America, ankabwereza ntchito yolosera nyengo pa kompyuta. M'malo molemba 0.506127 anangolemba 0.506, poganiza kuti zotsalazo zilibe kanthu. Poyamba zotsatira zinkafanana ndi zakale, kenako zinapatukiratu, n'kutuluka nyengo ina. Maphunziro amene akatswiri amati chaos theory amanena zimenezi: malamulo alipo ndithu, koma kusiyana kochepa poyambira kumakula mpaka munthu sangathenso kulosera.

[Kamera ionetse mabenchi pansi pa mtengo wa mango]

Tiyerekeze gulu lothandizana la anthu asanu ndi atatu. Mayi wina wayamba, ndi mawu onjenjemera, kunena zimene mwamuna wake amachita akaledzera. Foni ya wina ikulira. Mayi uja wakonza chitenje, wayang'ana pansi. Bambo wapambali waponya nthabwala kuti anthu apume, ndipo basi, nkhani yasanduka ya mtengo wa feteleza mpaka nthawi kutha. Foni ija ikanapanda kulira, mwina amayi ena awiri akanaulula zofanana. Anthu omwewo, mlangizi yemweyo.

Ndiye mlangizi angotaya manja? Ayi. Lorenz anaonanso kuti manambala ake, ngakhale sankabwereza njira imodzi, ankazungulira m'malo omwewo, zimene akatswiri amati attractor. Asodzi pano amadziwa kuti mwera umavuta mu Juni ndi Julayi, ngakhale sanganene usiku umene nyanja iwinduke. Gulunso lili ndi kumene limabwererabe. Lina nkhani ikawawa limathawira ku nthabwala. Lina onse amathamangira kulangiza munthu mmodzi yemweyo sabata ndi sabata, kuti zawo zisatuluke.

Chenjezo langa ndi ili: mphepo imayezedwa, koma manyazi a munthu alibe sikelo. Amene angakuuzeni kuti masamu a Lorenz amawerengera gulu ndendende, akukokomeza. Phindu la maganizo a Lorenz n'loti mlangizi asamaumirire ndondomeko imene analemba kunyumba, koma aziona pamene gulu latembenukira. Nthabwala ija ikatha, anene mofatsa kuti, "Mayi, munali musanamalize. Tikumvetsera." Akakana, asawakakamize, koma sabata yamawa aone ngati gulu lithawirenso ku feteleza.