Makalata a omvera: ntchito ya nyumba zomvera foni, poyambira ndi pati?

Takulandirani, omvera, ku chigawo chathu cha makalata. Sabata yatha tinacheza za zipangizo zimene zimachititsa nyumba kudziyendetsa yokha, monga magetsi oyaka okha kukada, geti lotseguka ndi foni, ndi pampu yodzaza thanki popanda munthu kuilondera. Sindinkadziwa kuti nkhaniyi ikoka makalata ambiri chonchi. Ndasankhapo atatu.

Yoyamba yachokera ku Area 25, kwa mnyamata amene wapempha kuti dzina lake tisalitchule. Akuti:

"Achimwene, ndinalemba MSCE zaka ziwiri zapitazo. Masamu ndi Physics ndinakhoza bwino, koma ku yunivesite sananditenge. Pano ndimathandiza amalume kukonza mafoni m'tauni. Usiku ndimaonera pa YouTube azungu akuyatsa magetsi ndi mawu okha, akutseka makatani ali pabedi. Mtima wanga uli pamenepo. Ndasunga kandalama, ndipo ndikufuna kuitanitsa maswichi a Wi-Fi khumi kuti ndiyambe kuikira anthu. Kodi ndikulakwitsa?"

Achimwene anga, ntchito mwaisankhayi ndi yabwino, koma mukufuna kulowera pawindo chitseko chilipo. Kandalamako kasungeni kaye, ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine.

Chaka china mayunitsi ankangotha ngati tikuphikira mudzi wonse, ndipo wolakwa anali giza. Ndinaitana mnyamata wina wochenjera pakamwa, amene anandiikira kaswichi kakang'ono koti giza ndizilizimitsa ndi foni. Masiku oyamba ndinkanyada, kuonetsa aliyense kuntchito kuno. Patangotha milungu itatu, mayi akunyumba anandiimbira kuti m'khonde mukununkha pulasitiki yopserera. Titatsegula, kabokosi kaja kanali katasungunuka mbali imodzi, waya atada bii. Mmisiri wachikulire amene anabwera kudzakonza sanakhudze n'komwe foni yanga. Anatembenuza kabokosiko, n'kundilozera pamene panalembedwa 10A, kutanthauza kuti malire ake ndi ma amp 10. Kenako anandiwerengetsa ngati mwana wa sukulu: giza la 3kW, pa magetsi athu a 230V, limakoka ma amp 13. Kaswichi kaja kamayenera kungolamula contactor, swichi yamphamvu yopirira magetsi ambiri, ndipo contactor ndiye anyamule katundu wolemerayo. Mnyamata uja app ankaidziwa bwino zedi. Magetsi ndi amene sankawadziwa, ndipo nyumba ikanapsa ndi yanga.

Palinso china chimene mavidiyo aja sakuuzani. Maswichi ambiri a Wi-Fi amafuna waya wa neutral, wobwezera magetsi kumene achokera, pamene m'nyumba zambiri za kuno, mukatsegula swichi ya pakhoma, mupezamo waya wa live, wobweretsa magetsi, ndi waya wopita ku babu basi. Mwaitanitsa khumi aja, mwafika kwa kasitomala, sakulowa. Muchita bwanji? Wosaphunzira amayamba kubera pa waya wa earth, woteteza uja wopita m'nthaka, ndipo pamenepo m'pamene anthu amagwidwa ndi magetsi m'bafa.

Ndiye yambani ndi maphunziro a zamagetsi. Muno mu Lilongwe muli Lilongwe Technical College, mulinso Don Bosco ku Area 23. A TEVETA, amene akhala akuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, amalengeza nthawi yolembera, choncho khalani tcheru. Mukamaliza, njira yanu ikupita ku MERA, amene amapereka chilolezo kwa amisiri olumikiza magetsi m'nyumba, ndipo a ESCOM akamabwera kudzalumikiza nyumba yatsopano amafuna ntchito ya munthu wachilolezo. Pakati pa zonsezi, pezani mmisiri wamkulu woti muzimunyamulira makwerero. Mudzaboola makoma, mudzakwera m'siling'i mwezi wa Okutobala thukuta lili kamukamu, ndipo m'menemo ndi mmene mudzadziwire nyumba.

Koma luso lanu la mafoni musalitaye, chifukwa amisiri ambiri achikulire alibe. Mumadziwa kuwotcherera tinthu ting'onoting'ono, mumadziwa kugwira multimeter yoyezera magetsi. Pa ndalama mwasungayo tapanipo pang'ono mugule kabolodi ka Arduino kapena ESP32 (kakompyuta kakang'ono kolamula zipangizo), ka relay (kaswichi kolamulidwa ndi kabolodiko), ndi kasensa kamodzi. Zimenezi zimayendera ma volt asanu kapena kucheperapo, sizingakupheni. Yesani kupanga chinthu choti chidebe chikadzaza madzi, pampu yaing'ono izime yokha. Mukakakamira penapake, ku mHub, malo a zaukadaulo wa makompyuta muno mu Lilongwe, kumasonkhana achinyamata okonda zoterezi. Safunsa anadya phula.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wa ku Kawale, ndipo yandisangalatsa.

"Ine ndine mmisiri wa zamagetsi, mapepala ndili nawo, ndipo ndakhala ndikuwayala nyumba zaka zisanu. Ndikufuna kuonjezera ntchito imeneyi, koma anzanga akundiseka. Akuti dziko la magetsi othimathima ngati lino, ndani angalipire nyumba yomvera foni? Kodi msika ulipo, kapena ndi za ku Area 10 ndi Area 43 zokha?"

Achemwali, anzanuwo aloza malo enieni pamene pali ndalama, kungoti sakuwaona. Kuthimathima kwa magetsi ndiye msika wanuwo. Mukukumbukira Januwale wa 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya ma megawatt pafupifupi 130? Kuchokera nthawi imeneyo mabanja ambiri anagula sola, inveta ndi mabatire. Funso la mwini nyumba tsopano ndi lakuti, magetsi a ESCOM akathima, ndani azimitse giza ndi chitofu kuti batire isathe pasanakwane ola? Madzi a Water Board akabwera pakati pa usiku, ndani atseke thanki kuti isasefukire mpaka kwa aneba? Amene ali ku Johannesburg kapena ku UK akumanga nyumba ku Area 49, akufuna kuona pa kamera ngati matumba a simenti afikadi onse. Eni malo ogona alendo akudandaula ndi ma air conditioner osiyidwa akuyaka m'chipinda mopanda munthu. Palibe aliyense mwa amenewa amene akufuna babu losintha mitundu. Yambani ndi mageti, makamera, mathanki ndi magiza, zinazo zidzabwera zokha.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti muzimanga poganizira Lilongwe, osati London. Zipangizo zambiri zotchipa zimadalira intaneti pa chilichonse: mukadina pa foni, uthenga umapita kaye kunja kwa dziko n'kubwerera kudzayatsa babu limene lili pamutu panu. Bandulo ikatha kapena netiweki ikavuta, foni ija siyatsanso kanthu. Phunzirani njira zogwira ntchito m'nyumba momwemo, monga zipangizo za Zigbee, zimene zimalumikizana popanda kudalira intaneti, ndi pulogalamu yaulere ya Home Assistant, imene imakhala pa kakompyuta kakang'ono pakona. Palinso Matter, dongosolo limene linatuluka mu 2022 mothandizidwa ndi Apple, Google, Amazon ndi Samsung, lofuna kuti zipangizo za makampani osiyana zizimvana. Rauta, kabokosi kogawa Wi-Fi m'nyumba, muziipatsa kabatire kake. Ndipo chonde, swichi ya pakhoma izigwirabe ntchito ndi chala. M'nyumba mumakhala agogo, ana ndi antchito, si onse ali ndi app.

Musaiwale ziphaliwali. Mvula ikayamba mu Novembala, mabolodi a mageti ndi makamera amapsa, ndipo kasitomala sadzatukwana mitambo, adzaimbira inu. Earth yabwino ndi surge protector, yotchinga magetsi obwera mwamphamvu mwadzidzidzi, muziziika pa mtengo woyamba, osati ngati zoonjezera. Za mtengozo, pafupifupi zonse mugwiritse ntchito n'zochokera kunja, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Kotesheni yanu izinena masiku amene mtengowo ukhale, ndipo ndalama ya zipangizo muzilandiriratu. Mukamaliza ntchito, mapasiwedi onse apatseni eni nyumba, awasinthe inu muli pomwepo. Mmisiri wosunga kiyi wa makamera a m'nyumba ya munthu, mbiri yake siichedwa kuipa.

Yomaliza ndi yaifupi, yolembedwa pa pepala la m'kope, yochokera kwa bambo wa ku Chinsapo.

"Ine ndine mlonda. Abwana aika geti la mota ndi makamera anayi. Kodi ntchito yanga yatha?"

Bambo, sindingakulonjezeni za mumtima mwa abwana anu. Koma kamera siithamangitsa wakuba, imangomujambula. Ndipo mota ya geti ija ili ndi batire yaing'ono mkati, imene imafooka magetsi akathima nthawi yaitali. Pambali pake pali kachitseko kotsegula ndi kiyi, kamene kamamasula geti kuti likankhidwe ndi manja. Mawa lomwe pemphani abwana akuonetseni pamene kiyiyo amakhala. Mmisiri akabwera kudzakonza, imani pafupi, funsani chimene nyale iliyonse yaing'ono ikutanthauza, muzisesa mchenga ndi timiyala pa njanji ya geti, muzichotsa nyerere zimene zimakonda kumanga m'bokosi la mota. Usiku umene abwana adzafike geti litakana kutseguka, mvula ikugwa, adzaliza hutala kuitana inu.

Makalata ena otsala tiwerenga sabata yamawa, kuphatikizapo ya mayi wa ku Likuni amene akufunsa za mabatire a sola. Pakadali pano, tiyeni tipume ndi kanyimbo.